Akadali M'munda, Sanayambe Kukolola: Moyo wa Wophunzira Wathu ku São Paulo

Mu Januwale 2025 ndidaitanidwa kukakhala nawo pa zokambirana za banja lina m'mudzi wa kufupi ndi Ulóngwe. Nkhani inali ya mnyamata wa m'banjamo amene akuphunzira udokotala wa ziweto mu mzinda wa São Paulo, ku Brazil. Iye adali atabwera kudzaona makolo kwa nthawi yoyamba patapita zaka zitatu. Amalume ake adali ndi dandaulo lalikulu: zaka zonsezi mwanayo sadatumizeko ngakhale ndalama ya thumba limodzi la feteleza, pamene pa zithunzi za pa foni amaoneka atavala jekete labwino, ataima pakati pa nyumba zosanja zonga mapiri. Kwa iwo tanthauzo lake linali limodzi lokha, lakuti mwana wa mlongo wawo wakhuta ndipo waiwala kwawo.

Mnyamatayo sadayankhe mokalipa. Adasendera pamphasa, nati: "Amalume, ndiloleni ndikufotokozereni m'mene tsiku langa limayendera, kuyambira podzuka kufikira pogona. Mukamva, mundiweruze." Zimene adafotokoza madzulo amenewo ndi zimene ndalemba pano, banjalo litandilola, popanda kutchula maina. Ndachita izi chifukwa mabanja amene ali ndi ana ophunzira kunja akuchuluka pakati pathu, ndipo dandaulo la amalume aja si lawo okha.

Khomo limene adalowera

Mnyamatayu adapita ku Brazil kudzera mu pangano lotchedwa PEC-G, limene boma la dzikolo lidakhazikitsa m'chaka cha 1965. Mwa panganoli, masukulu a ukachenjede a ku Brazil amapatula malo ena kuti alandire achinyamata ochokera m'maiko amene ali pa ubale wa zamaphunziro ndi dzikolo, ndipo Mozambique ndi limodzi mwa maikowo. Amene wamaliza kalasi 12 amalembetsa kudzera ku ofesi ya kazembe wa Brazil ku Maputo, ndipo akasankhidwa salipira kanthu pa maphunziro ake.

Apa ndi pamene abale ambiri amasokonezekera. Akamva kuti sukulu njaulere, amayesa kuti zonse nzaulere. Koma panganoli limapereka mpando wa m'kalasi wokha. Ndege, nyumba, chakudya, zovala, mabuku ndi mayendedwe ndi katundu wa wophunzira ndi abale ake, ndipo asananyamuke pamafunika munthu wosaina kalata yolonjeza kuti adzamutumizira ndalama mwezi ndi mwezi. M'banja limeneli adasaina ndi mlongo wake wamkulu amene amagwira ntchito mu mzinda wa Tete, ndipo tikiti ya ndege idachokera ku ng'ombe zitatu zimene bambo ake adagulitsa.

Panganoli lilinso ndi malamulo ake. Wophunzira amalonjeza kubwerera kwawo akamaliza, ndipo lamulo la m'chaka cha 2013 lidafika ponena kuti dipuloma yake akailandirire ku ofesi ya kazembe kumene adalembetsera. Lamulo lomwelo linkaletsa wophunzira kulembedwa ntchito ya malipiro, kupatula ntchito yophunzirira ndi kafukufuku wa pasukulu. Komanso amene alephera mayeso mobwerezabwereza amachotsedwa. Tsono munthu amene tikumuyesa wapantchito kunja ndi mwana wa sukulu basi, amene akudya za m'manja mwa mlongo wake.

Mzinda wopanda malekezero

Adanyamuka mu Febuluwale 2022, pa chapa kufika ku Tete, pa ndege kufika ku Maputo, kenaka ulendo wa masiku awiri wosinthasintha ndege mpaka pa bwalo la Guarulhos. Adatiuza kuti pochoka pabwalopo ankangoyang'ana pazenera, kudikira pamene nyumba zithere kuti aone minda, koma mindayo sidaoneke. São Paulo ndi mzinda waukulu koposa yonse m'dziko la Brazil. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 11 miliyoni mu mzindawo pawokha, osawerengera matauni ouzungulira amene adalumikizana nawo. Chigawo chathu chonse cha Tete, kuyambira ku Zumbo kufikira ku Mutarara, chinali ndi anthu osafika 3 miliyoni pa kalembera wa 2017.

Masabata oyamba adathera pa mapepala. Mlendo wobwera kudzaphunzira ayenera kukalembetsa ku Polícia Federal masiku 90 asanathe, kuti alandire chiphaso chokhalira m'dzikomo. Ayeneranso kukhala ndi nambala yotchedwa CPF, imene amafunsa ku banki, pogula khadi ya foni, ngakhale m'masitolo ambiri. Vuto lalikulu linali la pogona. Eni nyumba ambiri amafuna mboni imene iwo amaitcha fiador, munthu wokhala ndi chuma chake m'dzikomo amene adzalipire ngati wochita lendi walephera. Mwana wa ku Angónia angamupeze kuti munthu wotere? Chotero ophunzira ambiri amalowa m'nyumba zotchedwa república, m'mene achinyamata angapo amasonkherana lendi, magetsi, madzi ndi gasi wophikira.

Iye adapeza malo ku Itaquera, kum'mawa kwa mzindawo, kutali ndi sukulu koma kotsikirako mtengo. M'nyumbamo amakhala anthu 6: awiri a ku Guiné-Bissau, mmodzi wa ku Angola, mmodzi wa ku Cabo Verde, mmodzi wa ku Bahia m'dziko la Brazil momwemo, ndi iyeyo. Chipinda amagona awiri. Ngakhale zili choncho, lendi imadya kuposa theka la ndalama imene mlongo wake amatumiza.

Kuyambira podzuka kufikira pogona

Amadzuka 5 koloko m'mawa. Bafa ndi limodzi, kotero wochedwa kudzuka amapita kusukulu atangosukusula kumaso. Akamwa khofi ndi kabuledi kamodzi, amayenda pansi mphindi 15 kukafika ku siteshoni ya metrô, sitima ya mumzinda imene mbali zina imayenda pansi pa nthaka. Sitimazi zimayamba kuyenda nthawi ya 4:40 m'mawa, ndipo njanji yofiira, yochokera ku Itaquera kulowera pakati pa mzinda, ndi imodzi mwa zodzaza koposa. M'mawa munthu amatha kuona sitima ziwiri kapena zitatu zikudutsa asanapeze poponda. Akalowa, amaima wothinikizidwa ngati chimanga m'nkhokwe, chikwama atachikumbatira pachifuwa, foni ataibisa m'kati, pakuti akuba mafoni ndi ambiri ndipo manja awo ngopepuka.

Pa siteshoni ya República amatsika nakwera njanji yachikasu mpaka ku Butantã, kumene kuli basi yolowa m'sukulu. Ulendo wonse umatenga ola limodzi ndi theka, ndipo pobwerera chimodzimodzi. Maola atatu tsiku lililonse amathera panjira, nthawi yosasiyana kwambiri ndi ulendo wa pagalimoto kuchoka ku Ulóngwe kupita ku Tete. M'chaka cha 2024 ulendo umodzi wa pasitima unali 5 reais, wa pabasi 4,40, ndipo wophunzira wokhala ndi khadi lake amalipira theka. Ndalamazi zimaoneka zochepa pozitchula, koma real imodzi m'chaka chimenecho inali yoposa meticais 10.

Sukulu yake, Universidade de São Paulo, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1934, ndipo malo ake a ku Butantã ndi aakulu ngati tauni, okhala ndi misewu, mabasi, chipatala cha anthu ndi chipatala cha ziweto. Maphunziro a udokotala wa ziweto ndi a zaka 5, ndipo amatenga tsiku lonse: m'mawa m'kalasi, masana m'labotale kapena kuchipatala cha ziwetocho. Chaka choyamba chidamulemera. Anzake ambiri adafika atazolowera kale makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, pamene iye adawagwira koyamba kumeneko. Maina a mafupa ndi minyewa ndi a Chilatini, ndipo mabuku ambiri atsopano ndi a Chingerezi. Koma tsiku limene adapita kukagwira ng'ombe zenizeni, zinthu zidatembenuka. Ana a mumzinda ankaopa kuyandikira, pamene iye, amene adakula akuweta ng'ombe za bambo ake, ankadziwa poima ndi pogwira. Kuyambira tsiku limenelo adapeza anzake owerenga nawo.

Chimene chimasunga moyo wa wophunzira wosauka ndi nyumba yodyera ya pasukulu, imene ophunzira amaitcha bandejão. Kumeneko amalandira mpunga, nyemba, kanyama kapena dzira, masamba ndi chipatso, ndipo m'zaka zimenezi mtengo wake kwa wophunzira unali 2 reais. Iye amadya kumeneko kawiri, masana ndi madzulo, chifukwa kugula chakudya chofanana nacho kunja kwa sukulu kungathe ndalama ya masiku angapo. Akadya mgonero amalowa m'laibulale kufikira cha m'ma 7 koloko, nafika kunyumba cha m'ma 9 koloko usiku. Akachapa malaya a mawa lake, amatsegulanso mabuku mpaka pakati pa usiku. Atafika apa adafunsa modzichepetsa kuti, pa maola onsewa, ndi ola liti limene akadagwira ntchito yopezera ndalama ya feteleza.

Chipwitikizi chimodzi, matanthauzo awiri

Ambiri timayesa kuti mwana wathu savutika ndi chilankhulo ku Brazil, popeza nakonso amalankhula Chipwitikizi. Nzoona kuti chilankhulo nchimodzi, koma katchulidwe ndi mawu ena nzosiyana. Basi imene kuno timaitcha machimbombo iwo amati ônibus, sitima imene timati comboio iwo amati trem, ndipo mata-bicho, chakudya cha m'mawa, iwo amati café da manhã. Mawu ena amachititsa manyazi. Kuno propina ndi ndalama yolipirira sukulu, koma ku Brazil mawu omwewo amatanthauza chiphuphu. Tsiku lina mnyamatayu adauza anzake kuti bambo ake ankavutika kulipira propina pamene iye adali ku sekondale, ndipo onse adamuyang'ana modabwa kufikira mmodzi atamulongosolera.

Miyezi yoyamba aphunzitsi akamalankhula mofulumira ankangotola mawu apa ndi apo, ndipo iye akayankha funso anzake ankamupempha kuti abwereze. Zimenezi zimatha pang'onopang'ono. Chimene sichitha ndi njala ya chilankhulo cha kwawo. M'nyumba yonse, m'kalasi monse, palibe ndi mmodzi yemwe womulonjera m'Chichewa. Adatiuza kuti nthawi zina amadzipeza akulankhula yekha potsuka mbale, kuti angomva mawu a kwawo akutuluka m'kamwa mwake.

Mthiko wochokera kumudzi

Loweruka ndi tsiku la msika. M'madera onse a São Paulo muli misika ya mumsewu yotchedwa feira, imene imayalidwa m'mawa ndi kuchotsedwa masana, dera lililonse pa tsiku lake. Wophunzira wochenjera sapita m'mawa. Amadikira nthawi imene iwo amaitcha xepa, pamene ogulitsa ayamba kulongedza ndipo tomato, anyezi, nthochi ndi couve zotsala amazigulitsa motchipa. Ufa wa chimanga amautcha fubá. Wambiri ndi wachikasu, woyera umasowa, koma nsima imapsa ndithu. Mayi ake adamulongedzera mthiko ndi chipande m'sutikesi, ndipo pa katundu yense amene adanyamula, ziwirizi ndi zimene zamutumikira koposa.

Anthu a ku Brazil nawonso ali ndi chakudya chawo cha ufa wa chimanga chotchedwa angu, chofewerapo kuposa nsima, ndipo mnzake wa ku Angola amaphika chake chotchedwa funge. Loweruka madzulo amasonkherana, wina nyemba, wina mafuta, wina nkhuku, nadyera pamodzi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira monga kuno kwathu, ndi kamvula ka mvumbi kamene kadautchukitsa mzindawo. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko kulibe moto wa pabwalo woothera. Jekete limene amalume adaliona pa chithunzi adaligula pa kaunjika wa kumeneko chifukwa cha kuzizira kumeneku, ndipo chithunzicho adajambulitsa pa msewu wa Avenida Paulista, umene Lamulungu umatsekedwa kwa magalimoto kuti anthu aziyendamo mwaulere. Adati palibe mwana amene amatumizira mayi ake chithunzi cha mphika wopanda kanthu. Akuluakulu adanena kale za chikomekome cha mkuyu, kuti m'kati muli nyerere.

Khungu lakuda m'dziko la eni

Dziko la Brazil lidalandira akapolo a ku Africa oposa 4 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse, ndipo ukapolo udathetsedwa mochedwa, pa 13 Meyi 1888. Ena mwa anthuwo adatengedwa m'chigwa cha Zambezi nakwezedwa zombo pa doko la Quelimane ndi pa Ilha de Moçambique. Kufikira lero, m'madera ena a Minas Gerais ndi São Paulo muli gule wotchedwa moçambique. Pa kalembera wa 2022, oposa theka la anthu a m'dzikolo adadzitchula akuda kapena a magazi osakanikirana. Mnyamatayu adapita ku Museu Afro Brasil, nyumba yosungira mbiri imeneyi m'paki ya Ibirapuera, ndipo adati adatulukamo ali chete, poganiza kuti mwina ena mwa anthu amene amathinana nawo m'sitima ndi zidzukulu za anthu a kwathu.

Komabe tsankho lilipo, ngakhale lamulo la dzikolo la m'chaka cha 1989 limaliyesa mlandu. M'sitolo ina mlonda adamutsatira kuyambira pakhomo kufikira potuluka. Usiku wina mayi wina adaoloka msewu pomuona akubwera. Ena amamufunsa mopanda mangawa ngati kwawo mikango imayenda m'misewu, kapena kuti Chipwitikizi adachiphunzira kuti. Zimenezi sizipha munthu, koma zimamutopetsa, ndipo kutopa kwake sikuoneka pa chithunzi.

Maola asanu otilekanitsa

Nthawi ya ku São Paulo ili m'mbuyo ndi maola 5 poyerekeza ndi yathu. Mayi ake akamanyamula khasu 6 koloko m'mawa, kwa iye ndi 1 koloko usiku. Iye akamafika kunyumba 9 koloko usiku, kuno ndi 2 koloko m'bandakucha. Achibale ena ankamuimbira m'mawa wa kuno, ndipo akapanda kuyankha ankati wayamba kunyada, osadziwa kuti ali m'tulo ta maola ochepa amene ali nawo.

Chovuta koposa chidachitika m'chaka cha 2023, pamene agogo ake aakazi, amene adamulera ali wamng'ono, adamwalira m'sabata ya mayeso. Uthengawo adaumva pa WhatsApp ali m'sitima, pakati pa anthu osamudziwa. Panalibe womugwira dzanja, panalibe siwa, panalibe nyimbo za usiku, ndipo ndalama ya ndege inali yosatheka. M'mawa mwake adalowa m'mayeso nalephera phunziro limenelo. Kwa miyezi iwiri tulo tidamuthawa ndipo chakudya sichinkalowa. Kumudzi sadauze aliyense, poopa kuti anganene kuti ng'ombe zitatu zija zidapita pachabe. Mauthenga amene ankalandira masiku amenewo anali opempha foni yatsopano, nsapato za mpira ndi ndalama ya malata.

Adathandizidwa m'njira ziwiri. Mnzake wa ku Bahia adamuperekeza ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo, pakuti chithandizo cha zaumoyo cha boma, chotchedwa SUS, nchaulere kwa aliyense, ngakhale mlendo. Ndiponso pa mpingo waung'ono wa Presbyterian umene amapempherako, banja lina la okalamba lidaona kuti waonda ndipo lidayamba kumuitana ku chakudya cha masana Lamulungu lililonse. Sadamufunse zambiri. Ankangomuikira mbale, namufunsa maina a abale ake mmodzimmodzi, ndipo sabata yotsatira ankawakumbukira. Kuyambira mu Disembala 2023, pamene mzindawo udayamba kuyendetsa mabasi mwaulere Lamulungu, ulendo wopita kwa okalambawo sudafunenso ndalama. Phunziro lija adalibwereza ndipo adakhoza.

Mawu kwa makolo ndi abale

Abale ndi alongo, mwana amene ali pa sukulu kunja ali ngati mlimi wa mu Januwale: mbewu zili m'munda, ntchito njochuluka, koma nkhokwe ilibe kanthu. Amene afuna kudya nawo zokolola ayenera kupirira kufikira Meyi. Tisamutumizire mndandanda wa zosowa zathu, pakuti mwana waulemu sadziwa kukana akulu ake. Adzadzimana chakudya, adzakongola, kapena adzasiya kalasi kukafuna ganyu, ndipo mapeto ake ndi kulephera mayeso ndi kuchotsedwa. Ena amangosiya kuyankha foni chifukwa cha manyazi, ife nkumati anyada.

M'malo mwake, tipangane naye tsiku ndi ola loimbirana, ndipo tilisunge. Timuuze nkhani za kumudzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe: mvula yagwa bwanji, mbatata ya kachewere ikugulidwa bwanji, ndani wakwatira, ng'ombe iti yabereka. Timufunse ngati akudya, ngati akugona, ngati ali ndi anzake, ndipo akanena kuti zikuvuta tisamudzudzule. Pakagwa maliro, tisankhe munthu wamkulu womuuza ndi pakamwa, ndipo timuimbirenso patapita masiku, pakuti iye amalira yekha. Tikumbukirenso amene akumutumizira ndalama. Katundu amene mlongo mmodzi akusenza yekha angapepuke ngati banja lonse liponyapo kangachepe nthawi yokolola. Ndipo inu amene ana anu akukonzekera ulendo wotere, werengani mtengo wa zaka zonse asananyamuke, osati wa tikiti yokha. Walira mvula walira matope.

Mnyamatayo atamaliza kufotokoza, kunja kudali kutada. Amalume ake adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati: "Mwana wa mlongo wanga, ife timaona jekete. Sitimadziwa kuti m'katimo muli munthu wozizidwa." Pa msonkhano womwewo adalonjeza kuti akagulitsa mbatata adzapereka gawo kwa mlongo wa mnyamatayo, kuti athandize pa lendi. Mu Febuluwale 2025 mnyamatayo adabwerera kukayamba chaka chake chachinayi. Adapangana kuti aziimbirana Lamulungu lililonse 6 koloko madzulo, pamene ku São Paulo ili 1 koloko masana. Mayi ake adandiuza kuti amalumewo ndi amene amayamba kufika pakhonde, ndipo akalandira foni amayamba afunsa ngati wadya, kenaka amafunsa za nkhupakupa zimene zikuvutitsa ng'ombe zawo.